KATUNDU WA ENI

Anyamata ambiri amene atsiriza sukulu, akaona lole irikudutsa pamudzi pao, fumbi liri koboo m'mbuyo mwace, asirira munthu wokhala pa ciongolero, naganiza kuti nchito yace ndiyo kukhala pansi ndi kuona maiko. Koma ku Cipata, mzinda umene kale unali kuchedwa Fort Jameson, kuli mwamuna wina wa imvi zoyamba amene wayendetsa lole ya holoselo zaka zambiri, ndipo iye anena kuti pa nchito yace yonse kuyendetsa ndiko kocepa. Cacikuru ndico kuwerenga.

Iye sali mmodzi wa madalaivala a maulendo atali. Shuga acokera ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, napita pa Lusaka, natsata mseu waukuru wa kum'mawa makilomita oposa 550, naoloka Luangwa pa mlato umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Ulendo wonsewo ndi wa anzace. Wace uyamba pamene wao wathera. Atenga shuga, mcere, sopo, macesi, makandulo, ufa ndi zigubu za mafuta ophikira, nazipereka m'masitolo a ku Katete, ku Cadiza, kapena ku Lundazi, kumene kuli mtunda wa makilomita pafupifupi 180, osaiwala timasitolo ta malata atatu timene tiri m'mphambano za njira.

Kutaca, anyamata asanayambe kusenza, iye aima pa khomo la nyumba ya katundu ali ndi kalata m'manja. Kulonga lole kuli ndi mwambo wace. Katundu wa sitolo yotsiriza ndiye ayamba kukwera, nakhala kutsogolo. Wa sitolo yoyamba akwera potsiriza, kuti pofika asagwetse mulu wonse pofuna katoni imodzi. Zolemera zikhala pansi, pamwamba pa magudumu a m'mbuyo, cifukwa lole yolemera mbali imodzi ipendama pokhota. Sopo ndi parafini sizigona pafupi ndi ufa kapena shuga. Ufa ukagona ndi sopo, nsima yace inunkha, ndipo mkazi amene anaugula sadzudzula fakitale imene sanaione, koma mwini sitolo. Mwini sitoloyo nayenso adikira tsiku lobwera lole. Mcere ukoka cinyontho. Shuga akanyowa aundana, nasanduka mwala wosagulika. Cifukwa cace tenti amanga ndi manja ace, angakhale thambo liri loyera.

Pa sitolo iri yonse nkhani ndi imodzi. Mnyamata wa pa lole atsitsa, mwini sitolo awerenga, dalaivala awerenganso, ndipo onse awiri asaina. Cimene calembedwa m'kalata ndico ciyenera kufika. Katoni ya sopo ikasowa, kalaliki wa ku holoselo safunsa ngati inagwa pa cigumula kapena inatsala pa sitolo yina; angodula mtengo wace pa malipiro a mwezi. Motero munthuyu sawerenga alikulankhula. Eni masitolo ena, poona kuti wafika wotopa, ayamba kumfunsa za kumudzi ndi za mvula pamene makatoni alikulowa m'kati, koma iye ayankha moni yekha, natsiriza kuwerenga, ndipo pamenepo akhala pansi nacezadi. Ena amuyesa wonyada cifukwa ca ici. Koma amene acita naye malonda zaka zambiri atumiza mwana kukalandira katundu, iwo ali kumunda.

Caka ca dalaivala ciyenda ndi caka ca alimi. Anthu akagulitsa nsawa, thonje, fodya ndi cimanga, kuyambira m'mwezi wa May kufikira September, masitolo aitanitsa zambiri, ndipo lole ibwera iri yopepuka dzuwa lisanalowe. Mvula ikagwa zinthu zisintha. Njira za m'madambo ziterera, magudumu amira, ndipo munthu agona m'thengo alikulonda katundu, tulo osabwera, khutu liri ku tenti. M'miyezi ya January ndi February ndalama zisowa m'midzi. Mwini sitolo amene anali kutenga mabelo khumi atenga awiri, nagawa ufa m'timapepala timene anthu atichula pamela. Ndiyo nyengo yopempha ngongole: “Adalaivala, siyaniko belo limodzi, mukadzabwera mudzapeza ndalama.” Ndipo wopemphayo kawiri-kawiri ndi munthu wabwino, amene anamphikirapo nsima usiku wina lole itafa. Kukana munthu wotere ndi kowawa koposa kukumba gudumu m'matope.

Kale anali kubwera ndi ndalama za eni m'cikwama cimene anali kukhalira poyendetsa. Cisanafike caka ca 2013, pamene boma linacotsa maziro atatu pa kwaca, ndalama za tsiku limodzi zinali mtolo weni-weni, ndipo kuziwerenga pa nyali kunali kutha ora. Masiku ano ambiri alipira pa foni, kotero kuti mantha a acifwamba acepako. Koma foni siwerenga makatoni.

Yeso lalikuru la munthuyu liri pa mudzi wa kwao, umene uli m'mbali mwa njira imodzi ya maulendo ace. Kumeneko kuli mlongo wace, mkazi wamasiye. Mwa mwambo wa Acewa mwamuna ndiye mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wace ayang'ana kwa iye. Lole ikaima pa kasitolo ka pamphambano, ana aja athamanga alikupfuula kuti, “Atsibweni abwera!” ndipo mudzi wonse uona kuti atsibweniwo akhala pamwamba pa shuga wokwanira maukwati khumi.

Caka cina ca njala mlongoyo anabwera yekha, naima pambali kufikira kuwerenga kutatha. Pamenepo anagwada pang'ono nati, “Alongo anga, mwana wamng'ono uja adwala, ndipo akana phala lopanda shuga. Kodi m'zonsezi simungatuluke paketi imodzi? Adziwa ndani?”

Kunena zoona, njira inalipo, ndipo madalaivala onse aidziwa. Belo likang'ambika pa njira, paketi imodzi ilembedwa kuti inatayika. Mnyamata wa pa lole anayang'ana kumbali, monga munthu wonena kuti maso ace saona kanthu. Dalaivala anakhala cete kanthawi, nati, “Mai, dikirani pomwepo.” Analowa m'sitolo, natulutsa ndalama zace za cakudya ca pa njira, nagula mapaketi awiri a shuga yemwe uja anatsitsa ndi manja ace, pa mtengo wa sitolo, woposa wa ku holoselo. Amuna amene anali kusewera nsolo pa khonde anaseka kwambiri. Mmodzi anati, “Taonani munthu wa ludzu alikugula madzi ali pakati pa mtsinje!”

Mlongo wace analandira ndi manja awiri, koma sanakondwere. Kwa iye cinthu cogula pamaso pa anthu cinali ngati kumcititsa manyazi, monga kunena kuti anapempha mbale wace kuti abe. Anapita osayang'ana m'mbuyo, ndipo panapita miyezi itatu asanabwerenso ku mphambano. Anali kungotuma ana.

Tsiku lomwelo dalaivala ndi mnyamata wace anayenda ndi njala kufikira madzulo, pakuti ndalama za nsima zinali zitatha. Mnyamatayo sanalankhule njira yonse. Atafika ku holoselo, kalaliki anatenga makalata, nawerenga, napeza kuti zonse ziri bwino, nalandira makiyi osatukula mutu, nati, “Mawa ndi ku Lundazi. Mulawire.”