Amalume, Mapositala Aja Musayatsire Mbaula

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Ngabu pamodzi ndi onse apakhomo. Kuno ku Blantyre tilipo. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa pempho langa likupitanso kwa anzanu onse amene ankaonetsa vidiyo kuchigwako, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Bangula mpaka pa boma la Nsanje.

Ndamva kuti chipinda chakuseri mukufuna muzisungiramo mapira ndi thonje, ndiye mwalamula kuti thiranki ija ya mapositala a mafilimu ituluke. Akuti ena mupereka kwa amayi a mandasi azikulungira, otsalawo ana aziyatsira mbaula. Chonde, taimani kaye.

Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndikudziwa kuti funso lanu loyamba likhala limenelo. N'zoona kuti kunjaku kuli anthu ogula mapositala akale pa mitengo yoopsa. Ya filimu ya ku Germany ya mu 1927 yotchedwa Metropolis inagulidwa pa madola 690,000 mu 2005. Koma musayambe kufunsa mitengo ya galimoto. Imene ija inadula chifukwa anzake anatsala owerengeka padziko lonse, pamene anu ambiri ndi aja munkapatsidwa pogula matepi ku Limbe, okopedwa kuchokera pa ena okopedwanso.

Kusiyanitsa kwake sikovuta, bola tepi yoyezera ndi maso a mwana. Positala yeniyeni ya ku America, yopita ku nyumba zoonetsera kanema, inkakhala ya masentimita pafupifupi 69 m'lifupi ndi 104 m'litali. Kufikira zaka za m'ma 1980 ankaitumiza yopinda, choncho mizere ya mopindamo isakudandaulitseni, imachitira umboni kuti pepalalo ndi lakale. Kumunsi kwake kumapezeka nambala ya kampani ya National Screen Service: manambala awiri oyamba ndi chaka, ndipo pakatsogola chilembo R ndiye kuti filimuyo ankaibwereza patapita zaka. Za ku Britain zimakhala zogona chammbali, masentimita 102 ndi 76. Muyang'anenso tizilembo ta mayina a opanga filimu tija timathithikana m'munsi. Pa yeniyeni timawerengeka bwinobwino, pa yokopera timakhala tobalalika. Mukaona mawu akuti VHS, dziwani kuti inali yotsatsira matepi. Zaka za mafilimuwo zikuthandizaninso kuwayala mwandondomeko: Enter the Dragon ya Bruce Lee ndi ya 1973, First Blood ya Rambo 1982, Commando 1985, Bloodsport ya Van Damme 1988.

Komatu mtima wanga suli pa amenewo. Uli pa makatoni aja munkalemba nokha ndi utoto wotsala, ndi aja munkajambulitsa kwa mnyamata wolemba zikwangwani za magolosale. Iye filimu sankaionera, ankangomva kwa inu kuti ekita ndi wamphamvu, ndiye ankamupatsa mikono yoposa mutu ndi mfuti yotalika kuposa mwini wake. Pamwamba munkalembapo dzina lanulanu la filimuyo m'Chichewa, nthawi zina m'Chisena, poti la Chingerezi silinkakopa munthu. Pansi pankakhala nthawi yoyambira ndi mtengo wolowera. Positala ya Commando ku America ilipo yambirimbiri. Yokhala ndi zolemba zanu ndi imodzi basi, ndipo ikapsa yapita.

Ana a lero sakhulupirira kuti dziko lino linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999 pamene TVM inatsegulidwa. A m'tauni ankapita ku nyumba yoonetsera kanema ya Apollo. Inu kuchigwa munkadikira galimoto zachikasu za alangizi a zaulimi kuti zidzaonetse kanema pabwalo la sukulu. Kenaka kunabwera deki, jenereta ndi chisakasa cha mabango, ndipo pa benchi limodzi pankakhala odula nzimbe a ku Sucoma atangolandira malipiro, asodzi a ku Elephant Marsh, ndi abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Wofuna kudziwa mmene kwacha inagwera itasiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika mu 1994 angoona makatoni anuwo, mmene mtengo wa pakhomo unachokera ku matambala n'kufika ku makwacha. Akuonetsanso mmene zokonda zathu zinasinthira: karate, nyimbo ndi magule a Amwenye, ufiti ndi misozi ya ku Nigeria, kenaka mpira wa ku England umene unalanda mabenchi onse. Masiku ano mwana amaonera filimu yomasuliridwa m'Chichewa pafoni, osaona positala n'komwe.

Ku Ghana zinachitika zofanana ndi zathuzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 oonetsa vidiyo oyendayenda ankajambulitsa mapositala awo ndi utoto pa matumba a ufa osokedwa pamodzi. Ankawapinda, kuwakoka m'fumbi, kuwataya akatha ntchito. Munthu wina wa ku Los Angeles, Ernie Wolfe, anatolera ambiri n'kutulutsa buku lotchedwa Extreme Canvas, ndipo lero matumba aja amapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku America ndi ku Ulaya. Ine zimandiwawa kuti ambiri anachoka kwawo eni ake asanawaone kufunika. Sindikufuna mudzawerenge za Ngabu m'buku la mlendo.

Kwathuko pepala lili ndi adani ambiri. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anapita ndi zithunzi za maukwati ndi masatifiketi a anthu osawerengeka. Chiswe, mphemvu ndi makoswe sizipuma, ndipo dzuwa la Okutobala likapitirira madigiri 40 pepala lokhala pafupi ndi malata limauma n'kumathetheka. Thirankiyo ikhale pamwamba, koma osati kudenga. Mapositalawo agone chogona, pakati pawo pakhale pepala loyera. Pong'ambika musamatepo selotepi, imasiya banga losachoka, ndipo wina asakunyengeni kuti mukawamatitse pulasitiki pa makina. Malo osungira zakale alipo ndithu, monga nyumba ya Chichiri kuno, National Archives ku Zomba ndi Tisunge pafupi ndi Lengwe, koma zimenezo tidzakambirana pamaso.

Chimene sindingathe ine, ngakhale katswiri wochokera kutali, ndi kudziwa nkhani ya pepala lililonse. Imeneyo ili m'mutu mwanu mokha. Itanani mdzukulu mmodzi wolemba bwino, mumupatse pensulo, osati bolopeni, alembe kuseri kwa lililonse: filimu yake, chaka chimene munaionetsa, anajambula ndani, ndi pamene inapachikidwa. Ajambulenso onse pafoni anditumizire. Ndibwera pa Khirisimasi ndi thiranki yatsopano, ndipo amayi a mandasiwo ndidzawatengera nyuzipepala zakale.

Ndine mwana wa mlongo wanu wokukondani,
wa ku Blantyre