Rosa kapena Hiace? Tinayamba tapima na tepi

Aliyense wokhala ku Kafue amazidziwa motoka zimene zimadutsa pa mseu wa T2 kuyambila mu May mpaka mu October. Ma Land Cruiser na ma Hilux okhala na tenti yopinda pamwamba, zigubu za dizilo kumbuyo, manambala a ku South Africa, a ku Namibia, nthawi zina a ku Germany. Amaima kuthila mafuta, amagula madzi na buledi, basi ulendo. Akawoloka mlatho wa Kafue n'kufika pa Turnpike, ena amakhotela ku Mazabuka na Livingstone, ena amatsika ku Chirundu. Ise a m'tauni timangoyang'ana. Anzanga ambili amene ninaphunzila nawo sanagonepo m'mbali mwa Zambezi ngakhale usiku umodzi, koma kuchoka kuno kufika ku Chirundu ni maola awili chabe.

Apa m'pamene panachokela maganizo a ine na akulu anga. Iwo ni owotchelela nsimbi, amapanga mageti na mawindo. Ine nimagulitsa mafoni na kukonza ma laptop. Tinakhala mu chilimba zaka 2, tikumaika padela zimene talandila, kuti tikagule motoka yakale, tichotsemo mipando ina, tiikemo bedi, sitovu ya gasi, kafiliji na thanki ya madzi. Tizinyamula achinyamata a ku Lusaka na a kuno pa Chisanu madzulo, kukagona ku Siavonga kapena ku Chiawa, n'kubwelako pa Sondo. Ndalama zinali zokwana motoka imodzi. Ikakhala yolakwika, zaka 2 zapita m'madzi, ndipo ife tikali kukhala nyumba imodzi na kudya nsima m'mbale imodzi.

Akulu anali kufuna Rosa, ndipo mfundo zawo sizinali zopusa. Rosa ni yaitali pafupifupi mamita 7. Munthu amaimilila mkati popanda kuwelama. Mungaikemo chimbudzi kumbuyo, mabedi a anthu 6 kapena 8, malo n'kutsalako. Masipeya ake ali ponseponse, makanika aliyense pa mseu wa Lusaka anaitsegulapo injini yake. Anali kuniuza kuti: "Iwe mufana, munthu akalipila ndalama zake safuna kugona ngati kapenta m'thumba." Komanso, ngakhale sananene, nidziwa kuti anali kuiona kale itapentedwa bwino, itaima pa siteshoni, anthu akuiloza.

Maganizo a nyumba yoyenda tinawatenga pa YouTube, monga ena onse. Ku America kuli motoka zogonamo zazitali kuposa mamita 12, zokhala na bafa na sofa. Chimene mavidiyo ambili saonetsa n'chakuti eni ake amavutika kupeza pogona m'mapaki. Ku Yosemite, paki yochuka ya ku California, motoka yotele siloledwa kupitilila mafiti 40, ndiye kuti mamita 12 na pang'ono, ndipo malo okwana yaikulu chonchi ni ochepa. Munthu wa kumeneko asanagule amayamba wawelenga malile a malo amene afuna kukagonako. Akulu atamva izi anaseka. Ati ni mavuto a azungu amenewo, kuno ku Zambia malo ni mbwee, palibe amene adzakuimika na tepi pa geti.

N'zoona kuti m'malo amene tinafikako sitinaone chikwangwani cholemba mamita. Koma malile alipo, kungoti sanalembedwe, ndipo ukafika na motoka yosakwana palibe wokangana naye. Sungachondelele mtengo. Ndiye ninawapempha kuti tisanatumize ndalama kulikonse, titenge tepi yawo ya ku ntchito tikapime malo onse amene motoka imeneyi idzagona.

Malo oyamba anali pa nyumba ya amai ku Kafue Estates, chifukwa pa masiku 7 a mlungu, 5 idzagona pamenepo. Nyumba za ku Estates zinamangidwila anchito a m'mafakitale, nthawi imene Nitrogen Chemicals inatsegulidwa mu 1970 na fakitale ya nsalu ili moto. Amene anajambula mapulani anaganizila munthu wa njinga, mwina wa kamotoka kamodzi. Kuchoka pa geti kufika pa chipupa cha kichini tinapeza mamita 6 na masentimita 20. Rosa ikanalowa, geti sikanatsekeka. Kuisiya panja ni kupeleka mabatile na magalasi kwa anyamata a usiku. Kuigoneka pa galaji ya munthu ni kulipila tsiku lililonse, ngakhale mwezi wa February pamene kulibe wopita kutchile. Akulu anayang'ana chipupa, anati tingagwetse mbali imodzi ya mpanda. Amai anali pa khonde akusankha nyemba, sanayankhe, ndipo nkhani ya mpanda inathela pomwepo.

Ku Siavonga tinapita pa basi. Amene munafikako mudziwa mmene tauni ija inakhalila: mapili, miyala, ndipo malo alionse a m'mbali mwa nyanja ya Kariba umachita kutsikila. Tinaona malo atatu ogonapo na matenti. Pa awili, kanjila kochoka pa geti kupita ku madzi kanali kotsetseleka, kokhota mwadzidzidzi pakati pa mitengo. Mdala wina woyang'anila malo anatiuza kuti mabasi a matchalitchi na a masukulu amabwela ndithu, koma amatsala kumtunda poimika motoka, anthu n'kunyamula katundu pamutu kutsika nawo. Kwa basi ya sukulu palibe vuto. Koma ife chimene tifuna kugulitsa ni kuti munthu atsegule chitseko m'mawa aone madzi ali apo. Ngati bedi yake yatsala kumtunda pafupi na jenereta, ndiye walipilila chani?

Ku Chiawa n'kumene ninaphunzila kuti ife tonse tinali kuganizila utali chabe, osaganizila kutalika kwa m'mwamba na kutsika kwa pansi. Kale anthu anali kuwoloka mtsinje wa Kafue pa pantuni, manje pali mlatho, ndiye kufika kutsidya si nkhani. Nkhani iyambila kutsogolo. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mu October simungakupilile popanda mthunzi, ndipo mthunzi wabwino uli pansi pa mitengo ya nsangu, ija imene njovu zimakonda nyemba zake. Motoka yaitali m'mwamba imakodwa ku nthambi isanafike pa mthunzi weniweni. Mtengo wina wa mthunzi wokoma ni mvunguti, koma pansi pake osaimikapo chilichonse, chifukwa chipatso chake chimodzi chimalemela makilo angapo ndipo chikagwa chimaswa galasi. Ndiye pali tumitsinje touma tumene mseu umadutsamo. Rosa ili na thako lalitali kumbuyo kwa mawilo. Mukatsika m'kamtsinje n'kuyamba kukwela kutsidya, thako limagunda pansi, mawilo n'kumazungulila mu mchenga. Dalaivala wina wa Canter amene tinakwela naye anationetsa malo awili pamene iye mwini amatsitsa katundu kuti adutse.

Kunena zoona, ku Chiawa na Hiace yomwe siwina zonse. Ngakhale ija ya mawilo anayi okoka imene imachokela ku Japan ni yotsika pansi. Kulowa mu Lower Zambezi National Park mwenimweni, kuwoloka mtsinje wa Chongwe, ni ntchito ya Land Cruiser. Ife tidzathela kunja kwa paki, alendo athu akafuna kuona nyama adzakwela boti kapena motoka ya pa loji. Apa akulu anapeza poimila. Ati ngati zonse ziwili sizilowa mu paki, bwanji osatenga yaikulu? Yankho langa linali lakuti pa malo 7 amene tinapima m'maulendo onse, Hiace inali kufika pa madzi pa malo 6, Rosa pa malo 2.

Mwa njila, nikauza anthu a ku Lusaka za bizinesi imeneyi, ambili amati muli na mwayi, paki ili pakhomo panu. Iyayi. Kafue National Park, paki yaikulu kuposa onse mu Zambia, ya makilomita 22,400 mbali zonse, ili kutali na tauni ya Kafue. Umabwelela ku Lusaka, n'kutenga mseu wa ku Mongu kudzela ku Mumbwa, maola ambili. Chimene tigawana nayo ni dzina na mtsinje.

Za mapepala sizitenga nthawi kufotokoza. Laisensi ya kalasi B imene tonse tili nayo imathela pa motoka ya makilo 3,500. Rosa imapitilila pamenepo, ifuna C1. Kunyamula anthu olipila kufuna PSV ku RTSA, kaya motoka ni iti. Pa toll gate ya Shimabala, imene tidzadutsa kawili pa ulendo uliwonse wokatenga anthu ku Lusaka, yaikulu imalipila zambili. Ndipo amene anakwelapo mapili a ku Chirundu, kumene mathilaki amagona m'mbali mwa mseu atapsa mabuleki, adziwa mmene dizilo imathela pokwela na motoka yolema.

Tinagula Hiace, ija yaitali ya denga lokwela, mamita 5.38. Geti ya amai imatsekeka, patsala na malo a njinga. Koma sininganame kuti zimene akulu anali kuopa zinatha. Mkati mugona anthu awili, akapanikizana atatu, ena onse ni m'matenti. Madzi timanyamula malita 80 chabe, chifukwa lita iliyonse ni kilo imodzi, ndipo bedi ya nsimbi, filiji, gasi na anthu zonse ziyenela kukhala pansi pa kulemela kumene motoka inalembedwa. Ndalama ya ulendo umodzi ni yochepa kuposa imene Rosa ikanabweletsa. Chimene chimaniwawa kwambili ni chimbudzi. Atsikana atatu a ku Chilenje amene anafuna kubuka ulendo woyamba anafunsa funso limodzi: usiku tikafuna kupita panja, mvuu zili kudya udzu pafupi, tidzachita bwanji? Akulu ananiyang'ana osanena kanthu. Tagula kachimbudzi konyamula na katenti kake koimika pa chitseko penipeni pa motoka. Awili anavomela, mmodzi anati adzapita tikadzagula basi.

Manje akulu ali mkati mowotchelela keliya ya pamwamba. Afuna kuikapo tenti yopinda ngati ya alendo aja, kuti ogona pa motoka akhale 4, ndipo apa nagwilizana nawo. Hiace yathu ni mamita 2.28 kuchoka pansi. Keliya na tenti zidzawonjezela masentimita pafupifupi 40. Nthambi ya mango imene ili pamwamba pa geti tinaipima dzulo, ili pa mamita 2.6. Mtengowo anabzala ni atate chaka chimene anayamba ntchito ku fakitale, ndipo amai anena kale kuti aliyense wobwela na sowo ayambe wapeza nyumba yake. Akulu akuti adzapanga keliya yomasula na mabauti, tizimangilila tenti panja pa mseu pa Chisanu paliponse, anthu awili kunyamula, mmodzi kukwela pamwamba.