Opaleshoni imayamba ndi mafunso

Ife amene tinapitako patsogolo ndi sukulu tili ndi udindo umene sitinaufunsire. Wachibale akauzidwa kuti akufunika opaleshoni pa chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena ku Mulanje Mission, pamudzi amati, “Apite uyu, amamva Chingerezi.” Motero timapezeka tili magadiyani, buku la kuchipatala lili m'manja, agogo akutiyang'ana kuti tiwamasulire.

Tsiku lisanafike, wodwala amayezedwa zambiri: BP, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi gulu lake, nthawi zina malungo. Wopereka mankhwala ogonetsa amamvetsera mtima ndi chifuwa, amayang'ana m'kamwa ndi khosi, kenako amafunsa. Munachitidwapo opaleshoni? Alipo mankhwala amene amakuwengani? Mukumwa chiyani panopa?

Funso lomalizali ndi limene limavuta. Munthu wamkulu amachita manyazi kutchula ma ARV pamaso pa mdzukulu, ndipo amaopa kukalipiridwa akatchula zitsamba. Chonsecho mankhwala ena achikuda amatha kusokoneza ogonetsa kapena kuchititsa kuti magazi asaundane msanga. Apa ntchito yathu ndi kuwalimbikitsa agogo kuti anene zonse, ndipo ngati kukhalapo kwathu kukuwamanga pakamwa, tituluke panja alankhule okha ndi adokotala.

Lamulo losadya nalonso limaoneka ngati nkhanza. Kwathu wodwala timamudziwa kuti ali bwino akadya, ndiye azakhali amafika mbandakucha ndi phala lotentha m'kontena. Koma munthu akagonetsedwa, zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, zomwe zingathe kupha. Nthawi zambiri amati pasadyedwe chakudya kwa maola osachepera 6. Kukaniza azakhali phala lawo n'kovuta kwa mwana wolemekeza akulu, komabe ayenera kukanizidwa, mwaulemu ndiponso powauza chifukwa chake. Ngati wodwala wadya kale, anamwino auzidwe, ngakhale zitachititsa kuti tsiku lisinthe.

Kusinthidwa kwa tsiku kumapweteka. Munthu wachokera ku Muloza kapena ku Chambe, wakongola ndalama ya kabaza, wasiya munda, kenako akumva kuti BP yakwera, ayambe wamwa mankhwala. Wina amauzidwa kuti magazi ndi ochepa, adikire. Ulendo wabwereza ndithu, koma kulowa ku fiyeta thupi lisanakonzeke ndi koopsa kuposa ngongoleyo.

Mafunso obwerezabwereza aja ali ndi maziko. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti madokotala azitsimikizira, monga dzina la wodwala ndi mbali ya thupi yoti ing'ambidwe. Atauyesa m'zipatala zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa zinatsika kuchoka pa odwala 15 kufika pa 8 mwa 1,000 aliwonse. Tsono agogo akafunsidwa dzina kachitatu, tiwauze kuti palibe amene waiwala.

Pali chinanso chimene chili m'manja mwathu. Magazi ambiri amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera amachokera kwa ophunzira, ndipo sukulu zikatsekera amasowa. Mayi amene mwana wamuvuta kubadwa usiku sangadikire kuti teremu iyambe. Galimoto yawo ikafika pakoleji pano, tiyeni tikapezeke pamzere, ndipo tikadzakhala aphunzitsi tidzawatsegulire zipata za sukulu zathu.