Ndalama zanga ankazidziwa, nkhope yanga ayi

Ndinapuma pa ntchito ya boma mu 2019, nditakwanitsa zaka 60. Anzanga a ku ofesi anandigulira wotchi ya pakhoma, onse akulonjeza kuti, "Bwana, tizibwera kudzakuonani." Ndalama zopumira pa ntchito ndinamalizira nyumba yanga ku Ching'ambo mu Mzuzu, zotsalazo ndinamangira mpanda wa njerwa wautali, pamwamba n'kusomekapo mabotolo oswa. Ndinkati ndikutchinga akuba.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Mu Mzuzu ndinali nditakhalamo zaka zoposa 20, koma Chitumbuka changa chinkathera pa "monire" ndi "yewo". Sindinkachifuna. Ku ofesi tinkayankhula Chingerezi ndi Chichewa, ndipo ndinkaganiza kuti anthu amenewo ndiwo abale anga.

Miyezi itatu yoyamba foni inkalirako. Kenako inangoti zii. Ndinkaiika pa tebulo, n'kumaisuzumira ngati yathima, m'nyumba mukungomveka wotchi ija. Sindikuwada anzangawo. Zomwe zinkatilumikiza zinatsala pa desiki, ndipo pa desikipo panakhala wina. Covid itafika mu 2020 ndinapeza podzikhululukira: geti lotseka tsopano linkaoneka ngati nzeru.

Tchimo langa lenileni linali pa maliro. Uthenga ukamveka, mnyamata wa amfumu ankayenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi ndalama. Ine ndinkatsegula kachitseko ka pa geti, n'kutulutsa dzanja lokha, ndalama ili m'manja. Wopita kusiwa anali mkazi wanga. Ndiye ankagona pa mphasa ndi amayi anzake, ndiye ankavala yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, ndiye ankadziwa mwana wa yani wadwala. Sindinazindikire kuti dzina la banja lathu m'dera lonse ankalinyamula yekha.

Anamwalira mu June 2022, nthawi yomwe chisanu cha Mzuzu chimalowa mpaka m'mafupa. Amayi anadzaza nyumba, kuimba usiku wonse. Panja, pamoto wa abambo, tinalipo asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo ana anga. M'bandakucha, tisananyamuke ndi thupi kupita ku Ntcheu, amfumu anandikokera pambali. Sanakweze mawu. "Adada, pepani. Ndalama zanu timazidziwa, koma nkhope yanu anthu sakuidziwa. Amene mukuwaonawa abwerera amama."

Ndinakwiya. Ndinakhala ndi mkwiyowo pafupifupi chaka, chifukwa mawuwo anali oona.

Ana anabwerera, wina ku Lilongwe, wina ku Johannesburg. Ndalama ankatumiza mokhulupirika. Koma panali masiku omwe dzuwa linkalowa ndisanatulutse liwu ngakhale limodzi, moti pofuna kupemphera mawu ankatuluka osasa. Ndinasiya kuphika nsima, n'kumangodya tiyi ndi buledi. Ndinayamba kupempha Mulungu kuti anditenge.

Usiku wina ndinamva kulira kuseri kwa mpanda wanga. Ndinaima nthawi yaitali, dzanja lili pa loko. Kenako ndinavala jekete, n'kunyamula nkhuni zingapo, ndinapita. Palibe anandilandira mwapadera, ndipo sindinayenere kutero. Ndinakhala kumapeto, utsi ukundilowa m'maso, nkhani zonse zili m'Chitumbuka. Maliro achiwiri zinali chimodzimodzi. Pa achitatu, mkulu wina wosoka nsapato anasendera pa benchi, n'kumenya thabwa ndi chikhatho kuti ndikhalepo. Ndinalira, anthu n'kumayesa ndikulira malemuyo.

Mkulu yemweyo ndiye anandiphunzitsa bawo, ndiye ananditengera ku Madodana, gulu la abambo a kumpingo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, penshoni yanga inasanduka ya masiku ochepa, ndipo omwe ndinkawapatsa ndalama pa kachitseko aja ndiwo anandilowetsa m'banki m'khonde yawo. Ching'ambo ndi kudambo, mvula ikachuluka madzi amalowa m'nyumba. Tsopano tikamakonza ngalande ndimatuluka ndi khasu langa, ngakhale msana sundilola kugwira nthawi yaitali.

Kusungulumwa sikunathe. Madzulo, ndikayang'ana mpando wa mkazi wanga, kumabwerabe. Ndimamva chisoni kuti anthu amene iye ankawakonda ndawadziwa iye atapita.

Mabotolo aja ndinawagumula ndi hamala. Geti ndimatsegula ndikangodzuka. Ikakwana 4 koloko amabwera ana atatu a pafupi ndi makope awo a masamu, ndipo ndikalakwitsa mawu a Chitumbuka, wamng'onoyo amandibwerezetsa mpaka nditchule bwino.