Mphumu pa msewu wa Mandimba mpaka ku Cuamba

Munthu wa mphumu akatsika kabaza pa Mandimba kuchokera ku Chiponde m'mwezi wa Seputembala, amalandiridwa ndi fumbi la pamsika ndi utsi wa lupsa. Kwa anzake zimenezi ndi zongoyetsemulitsa. Kwa iye timitsempha ta mpweya ta m'mapapo timatupa n'kufinyika, ndipo pofika usiku pachifuwa pamalira ngati kamwana ka mphaka.

Chovuta ndi chakuti mdani wake amasintha ndi dera. Kumtunda ku Ngauma, cha ku Massangulo pa msewu wa N13 wopita ku Lichinga, chimene chimautsa matendawa ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Anthu amasonkha moto m'nyumba, natseka chitseko, utsi n'kumangozungulira pansi pa denga. Wathanzi amagona tulo, koma wa mphumu amachezera chokhala tsonga, akubanika. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya zenera kumathandiza, ndipo pakufunda bulangete ndi bwino kuyamba waliyanika padzuwa, poti losungidwa miyezi yambiri limadzaza fumbi. Derali ndi la fodyanso. Kusankha ndi kumanga fodya wouma m'chigafa ndi ntchito yoti wa mphumu asiyire ena, ngakhale abale azimunena ulesi.

Kumunsi ku Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera pa Mandimba, kumatentha ndipo ndi kwa thonje. Fumbi la thonje poika m'masaka silimuchitira chifundo. Kunyumba nako kuli mphemvu, nkhuku zogona m'nyumba ndi mankhwala a ufa othira m'chimanga.

Sikuti zonsezi zimavuta aliyense ayi. Wina amadwala ndi utsi wokha, wina ndi nthenga za nkhuku. Nthenda ikadzuka, wodwala akumbukire kumene anali ndi chimene amagwira tsikulo. Pakatha miyezi ingapo mdani wake amadziwika.

Mphumu sipatsirana ngati chifuwa chachikulu, komabe imapha. Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2019 inapha anthu 455,000 padziko lonse. Mankhwala opopera m'kamwa a salbutamol amatsegula chifuwa m'mphindi zochepa, tsono paulendo malo ake ndi m'thumba la malaya, osati m'chikwama chomangidwa padenga la chapa. Koma munthu akamalephera kumaliza mawu kaamba ka befu, kapena milomo ikasintha mtundu, asadikire kuti kuche. Apopere, ndipo amutengere kuchipatala usiku womwewo.