Mpando umodzi ukhale wa gadiyani

Mwina muti nkhani ya lero si ya wogulitsa tomato ngati ine, koma ndimvereni kaye.

Achemwali anga anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, gadiyani ndinali ine. Tinaizindikira mochedwa, iwo ankangoti ndi msambo wosokonekera. Nthawi imeneyo m'zipatala za boma kuno kwathu munalibe makina owotchera khansa. Ofuna thandizolo ankapita kunja, ena ku Lusaka komwe chipatala cha khansa chinatsegulidwa mu 2007. Ife boda ya Mwami ili pakhomo pomwepa, koma mpamba wanga wonse sukanatifikitsa kumeneko.

Ndiye pomwe chipatala cha khansa chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2025, ndinalira ndi chimwemwe chomwe. Koma funso langa ndi ili: pa mipando ya bodi yoyang'anira malo ngati amenewa pazikhala ndani?

Musaipeputse bodi, abale. Ndi imene imavomereza kuti ndalama zipite kuti, kafukufuku ayambire pati, pa khansa ya amayi kapena ya kummero imene ikutha abambo athu. Ife kumsika timadziwa. Chaka china tinasankha komiti potengera chibale, pampando tinaikapo munthu woti sanakhalepo pa benchi. Mvula itabwera, ndalama ya ngalande inali itagula mipando ya mu ofesi, ife tikugulitsa m'matope.

Mukukumbuka mu 2020, atalengeza mayina a mabodi a mabungwe a boma? Amayi anachita zionetsero chifukwa mayina awo anali ochepa, chonsecho lamulo la 2013 limati posankha anthu pa maudindo a boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Kwa ine imeneyi si masamu chabe. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri zedi. Nanga bodi yoona za khansa ikhale ya abambo okhaokha?

Sindikukana madokotala ndi akatswiri a zachuma, amenewo akhalepo ndithu, ndipo mayina awo ndi maphunziro awo tiziuzidwa poyera. Chomwe ndikukana ndi mpando wothokozera munthu poti anavina bwino pa kampeni. Ndipo mpando umodzi wokha ukhale wa amene anadwalapo kapena kudwazikapo. Ameneyo ndiye angafunse chifukwa chake mayi wa ku Mkanda amafika kuchipatala matenda atafalikira kale, komanso ngati katemera wa atsikana amene anayamba mu 2019 akufikadi kumudzi.

Inu amene mukuwerenga, mayinawo akadzatuluka musadzangodutsa. Dzafunseni kuti awa ndi ndani, awasankha chifukwa chiyani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine kuyezetsa ndinapita kale. Inu mayi, munapita?