Dengu, Nkhokwe ndi Zithunzi za M'foni

Kale, mlendo wofuna kudziwa ngati pakhomo pali nzeru sankachita kufunsa; ankangoyang'ana nkhokwe. Nkhokwe yabwino inkakhala pamwamba pa miyala kuti chinyezi ndi chiswe zisafikeko, denga lake lofoleredwa bwino, ndipo mayi wapakhomo sankatapamo mwachisawawa. Ankatapa dengu limodzi, n'kukakonola, n'kukagayitsa, likatha ankabwereranso. Dengu linali la masiku owerengeka, nkhokwe inali ya chaka. Panalinso chachitatu chimene ana a masiku ano sachiona kawirikawiri: chimanga cha mbewu, chosankhidwa ndi maso a mwini munda, chomangiriridwa kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chimenecho sichinkakhudzidwa ngakhale njala ya mu February italuma bwanji.

Foni ya m'manja ndi dengu. Idapangidwa kuti izinyamulidwa, ndipo chonyamulidwa chimagwa, chimasololedwa m'minibasi, chimamira m'ndowa ya madzi. Koma popeza imaoneka ngati yosadzaza, mabanja ambiri aisandutsa nkhokwe ya mbiri yawo yonse: chinkhoswe cha mwana woyamba, ubatizo wa mdzukulu, tsiku lomanga chiliza, nkhope ya munthu amene adatsikira kulichete. Tsiku limene foniyo yalemba kuti malo atha ndi limene mwini wake amazindikira kuti dengu lili ndi polekezera.

Zoterezi zidawagwera mayi ena achikulire a m'boma la Ntcheu, amene amuna awo adamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Foni yawo, imene adawatumizira mwana wawo wogwira ntchito ku Johannesburg, idali ya 32 GB, ndipo gawo lalikulu ndithu la malowo lidali litadyedwa kale ndi mapulogalamu a foniyo isanajambule chithunzi n'chimodzi chomwe. Itadzaza idayamba makani: kamera yosafuna kujambula, zithunzi za pa WhatsApp zosafuna kutsika. Mdzukulu wawo wa ku sekondale atabwera patchuthi, adamulandira ndi nthabwala ija ya agogo ndi adzukulu, koma dandaulo lili mkati.

"Amuna anga, mwabwera bwino. Kafoni kanga aka kayamba mwano, kakukana kundionetsa ana a ku Joni."

"Musadandaule agogo, kangokhuta. Ndifufutamo zakale zonse. Zidapita kale ku cloud, kumtambo."

"Kumtambo? Iwe, agogo ako aamuna ali m'kafoni momwemu. Ukawafufuta ndikawaonanso kuti? Uyambe wandionetsa nkhokweyo."

Mnyamatayo adaseka, koma funso la gogoyo lidali la munthu wodziwa kusunga. Safunsa adadya phula. Chimene chimatchedwa cloud sichili kumwamba ayi. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, za eni ake, zomangidwa panthaka ngati nyumba ina iliyonse. Ku Hamina, m'dziko la Finland, Google idagula fakitale yakale yopangira mapepala mu 2009 n'kuisandutsa malo otere, ndipo makompyuta ake amaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja. Chithunzi chikachoka m'foni chimayenda pa intaneti n'kukagona m'nyumba za mtundu umenewu. Ngati sichidayende, ndiye kuti sichidafike, kaya foniyo ikhale ndi pulogalamu yokongola motani.

Mdzukuluyo atatsegula Google Photos n'kugunda kachizindikiro ka akaunti kamene kali pakona ya pamwamba, kuseka kudatha. M'malo molemba kuti ntchito yosunga yatha, foniyo idalemba kuti ikudikira Wi-Fi. Pulogalamuyi kawirikawiri imatumiza zithunzi pokhapokha foni yapeza Wi-Fi, kupatula ngati mwini wake wailoleza kugwiritsa ntchito bandulo. Adaikonza motero pofuna kuteteza thumba la mwini foni, ndipo n'zomveka. Koma foni ya kumudzi imatha chaka chathunthu osanunkhiza Wi-Fi. Zithunzi zonse zojambulidwa kuchokera tsiku limene foniyo idachoka ku Johannesburg zidali zikudikirabe pakhomo, kuphatikizapo za miyezi yomaliza ya malemuwo, atakhala pakhonde chipewa chili pabondo.

Msampha wachiwiri udali wobisika kuposa woyamba. Google Photos imayamba ndi kusunga zimene kamera ya foniyo yajambula. Zithunzi zobwera pa WhatsApp zimakhala m'chikwatu china, ndipo chikwatu chimenecho chimafuna kuchiloleza pachokha kuti nacho chizitumizidwa. Kwa gogo ngati ameneyu, chuma chenicheni chidali m'menemo, pakuti adzukulu a kutali amawadziwira pa WhatsApp. Ndipo WhatsApp si nkhokwe: uthenga ukafika kwa wolandira, kampaniyo siusunga mpaka kalekale m'makompyuta ake. Wotumiza akasintha foni, wolandira n'kufufuta, chithunzi chimatha ngati mame.

Zidatenga masiku atatu kuti dengu litsanulidwe. Mnyamatayo adapita ndi foni ku boma, kwa mnzake amene ali ndi Wi-Fi, adaisiya pa chaja, n'kuloleza zikwatu zonse zofunika. Kenako adachita chinthu chimene ambiri amachidumpha: adalowa mu akaunti ya agogo ake pa kompyuta ya mnzakeyo, foni ili chozimitsa, n'kuyang'ana ngati zithunzizo zikuonekadi. Munthu sakhulupirira kuti chimanga chalowa m'nkhokwe chifukwa choti ngolo yachoka kumunda. Amakwera pamakwerero n'kusuzumira.

Apa m'pamene pali nkhani yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene anthu ochenjera omwe amalirira. Mapulogalamu amenewa ali ndi khalidwe la kalilole. Munthu akakhala mu Google Photos n'kusankha chithunzi chimene chidasungidwa kale, n'kugunda kabini kotayira zinyalala, chithunzicho chimachoka m'foni ndi ku cloud komwe. Pulogalamuyo imamva kuti mwini wake sakuchifunanso kulikonse. Njira yotsanula dengu popanda kugwetsa nkhokwe ndi ina: batani lolembedwa kuti "Free up space". Limeneli limayamba lawerenga zithunzi zimene zidafika kale ku cloud, n'kuchotsa m'foni zokhazo, zosafikazo n'kuzisiya. Kwa chithunzi chimodzi pali mawu ena oti "Delete from device", amene amachotsa cha m'foni chokha. Mawu awiri achingerezi ofanana maonekedwe, koma wina ndi wokolola, wina ndi wotentha munda.

A iPhone nawo asanyade. iCloud ikakhala yoyatsidwa, chithunzi chofufutidwa m'foni chimafufutikanso ku iCloud ndi pa zipangizo zina zonse za akauntiyo. Njira yawo yopezera malo ndi kusankha "Optimize iPhone Storage", imene imasiya m'foni zithunzi zopepuka pamene zenizeni zolemera zili ku iCloud. Wolakwitsa ali ndi masiku 30 oti akatole chithunzi chake mu "Recently Deleted". Google nayo ili ndi dzala lake losungira zotayidwa kwa kanthawi, ndipo wanzeru asalole mwezi kutha asanakafukule.

Nkhokwe yobwereka ili ndi muyeso wake. Kuyambira mu 2013, Google idaphatikiza malo aulere a akaunti imodzi kukhala 15 GB, ogawana pakati pa makalata a Gmail, mafayilo a Drive ndi zithunzi. Google Photos itayamba mu 2015 inkalandira zithunzi zochepetsedwa pang'ono popanda malire, koma ufulu umenewo udatha pa 1 June 2021. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024, zimene WhatsApp imasungitsa ku Google kuchokera m'mafoni a Android nazonso zimawerengedwa pa malo omwewo. Apple imapereka 5 GB yokha yaulere. Chithunzi chimodzi chikakhala cha 3 MB, malo a 15 GB angalandire zithunzi pafupifupi 5,000, zimene n'zokwanira banja lodziletsa. Wakuba malo ndi kanema, pakuti mphindi imodzi yokha ikhoza kudya 100 MB. Malo akadzaza, zithunzi zatsopano zimaleka kutumizidwa, ndipo ngakhale makalata a Gmail amaleka kulowa.

N'chifukwa chake kupeta kumayenera kutsogola. Palibe mayi amene amathira m'nkhokwe chimanga pamodzi ndi mapesi. Mu WhatsApp muli malo otchedwa "Manage storage", amene amaonetsa mafayilo oposa 5 MB ndi aja angoyendayenda m'magulu. M'foni ya gogoyo mudapezeka maluwa olembedwa "mwadzuka bwanji" osawerengeka, makanema a nthabwala, ndi ulaliki umodzi umene udabwera kanayi kuchokera kumagulu anayi. Kunena zoona, anthu otumiza zinthu zotere m'mawa uliwonse ali ndi mtima wabwino, koma akudzaza madengu a anzawo ndi mankhusu. Mnyamatayo adapeta zonsezo ndi chilolezo cha mwini foni, n'kutseka khomo limene makanema amatsikira okha. Atagunda "Free up space" pomaliza, foni idapuma.

Komabe gogoyo sadakhutire, ndipo adali ndi chifukwa. Makolo ankadziwa kusungitsa. Munthu wa mbuzi zambiri ankapereka zingapo kwa mlongo wake wa mudzi wina kuti matenda kapena fisi akalowa m'khola lino, mbewu ya ziweto isatheretu. Koma wosungitsa ankapitako nthawi ndi nthawi kukaziona, chifukwa mbuzi yosayenderedwa imayamba kuoneka ngati ya woweta. Google idalengeza mu 2023 kuti akaunti ya munthu imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo, ndipo lamuloli lidayamba kugwira ntchito pa 1 December chaka chomwecho. Ngozi nazo sizisankha khola. Mu March 2021 moto udawononga nyumba ya makompyuta ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo ena amene adalibe posungira pena adataya zawo kotheratu. Mu 2019 MySpace idavomereza kuti nyimbo ndi zithunzi za zaka zambiri zidasowa posamutsa makompyuta ake.

Wina anganene kuti bola chimbale cha zithunzi zapapepala chija chinkakhala m'sutukesi pansi pa bedi. Chidali ndi ulemu wake, ndipo mlendo ankapatsidwa kuti aziona podikira nsima. Koma amene adaona matope a namondwe wa Freddy akutsika m'phiri la Soche kulowa ku Chilobwe mu March 2023 akudziwa kuti sutukesi siyandama ndi mbiri ya banja. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa nkhani ya mtima wosakhazikika adanena zoona. Pa nkhani ya zithunzi, lovumbwitsa ndi phanga limodzi. Mdzukuluyo adakopera zithunzi zonse pa fulashi, imene idatumizidwa kwa azakhali ake ku Lilongwe, ndipo khumi zosankhidwa ndi gogoyo adakazitsukitsa pa situdiyo. Google ili ndi njira yotchedwa Takeout yotengera zonse za mu akaunti nthawi imodzi, yothandiza amene zithunzi zawo zidachoka kale m'foni.

Chotsala chidali kiyi. Mafoni ambiri a achikulire amatsegulidwira akaunti ndi wogulitsa kapena mwana wapafupi, mawu achinsinsi n'kupita ndi wotsegulayo. Foni ikatayika, zithunzi zimakhala zilipo ndithu ku cloud, koma mwini wake ali panja pa nkhokwe yokhoma. Nambala ya foni imene idalembedwa potsegula akaunti ndiyo imalandira uthenga wobwezera mawu oiwalika, choncho nambala yakale yosiyidwa ndi ngozi ina. Apa gogoyu adachita mwayi, chifukwa mwana wa ku Johannesburg adali akukumbukira. Mawuwo adalembedwa m'kope, kope n'kuikidwa pamodzi ndi makadi a ubatizo. Makampani nawo adaganizira za imfa: Google ili ndi Inactive Account Manager, imene imalola munthu kutchula anthu osapitirira 10 odzalandira zinthu zake akaunti ikakhala chete kwa nthawi imene iye wasankha, ndipo Apple idayambitsa Legacy Contact kumapeto kwa 2021. Pachikhalidwe, chuma cha masiye chimakambidwa pambuyo pa maliro, mwini mbumba ali pomwepo. Chuma ichi chokha chimafuna kukambidwa mwini wake akadali moyo, ndipo gogoyo adatchula mwana wake wamkazi woyamba.

Panali chinthu chimodzi chimene Google Photos sikadachinyamula, chifukwa si chithunzi kapena kanema: uthenga wa mawu umene malemuwo adatumiza ali kuchipatala, wofunsa ngati mbuzi zalowa m'khola. Mnyamatayo adausunga pa Drive ndi pa fulashi ija, kenako adafunsa ngati aufufute m'foni. Zimene zili ku cloud zimafuna netiweki ndi bandulo kuti zitseguke bwino, ndipo kumudzi kwawoko netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba basi.

"Umenewo usiye momwemo," adatero gogoyo. "Usiku sindingamapite pachulu."